Mbiri ya Mseu wa Chapman's Peak ndi Miyala Yake

Nkhani ya sabata ino ikuchokera kutali, kummwera kwenikweni kwa Africa, kufupi ndi mzinda wa Cape Town m'dziko la South Africa. Kumeneko kuli mseu wina waufupi, wa makilomita 9 okha, wolumikiza doko la asodzi la Hout Bay ndi mudzi wa Noordhoek. Dzina lake ndi Chapman's Peak Drive. M'kamtunda kochepa kameneka mseuwu umakhota malo 114, ndipo woyendamo amakhala ndi khoma la phiri mbali imodzi, mbali inayo phompho lotsikira m'nyanja yamchere ya Atlantic. Alendo a m'maiko ambiri amapitako kukaona kukongola kwake, ndipo Amalawi amene amagwira ntchito kumeneko amaudziwa bwino. Koma mbiri yake ili ndi phunziro kwa dziko lililonse limene lili ndi miseu ya m'mapiri. Kuyambira pamene unatsegulidwa mu 1922, phiri la pamwamba pake lakhala likugwetsa miyala, ndipo panapita zaka pafupifupi 80, anthu navulala, ena nafa, mlandu nuzengedwa kubwalo, eni mseu asanavomere kuti miyalayo ndi udindo wawo.

Dzina la phirili ndi lakale kuposa mseu. M'chaka cha 1607 chombo cha Angerezi chotchedwa Consent chinaima pagombe la Hout Bay chifukwa mphepo yochikankha inali italeka. Mmodzi wa amalinyero ake, John Chapman, anatumidwa kumtunda kukafuna chakudya, ndipo kuchokera pamenepo dzina lake linakanirira paphiripo. Nsonga ya phirilo ili mamita 593 pamwamba pa nyanja. Kwa zaka 300 zotsatira panalibe mseu m'mbali mwake, popeza malo ambiri phirilo limatsikira m'madzi litaima chilili ngati chipupa cha nyumba.

Amene anabwera ndi maganizo odutsitsapo mseu ndi Sir Frederic de Waal, mkulu woyamba woyang'anira chigawo cha Cape zigawo za South Africa zitagwirizana kukhala dziko limodzi mu 1910. Iyeyu anali munthu wokonda miseu, ndipo ankafuna kuti galimoto, zimene zinali zachilendo masiku amenewo, zizitha kuzungulira ndomo ya Cape m'mphepete mwa nyanja. Oyeza malo anayamba ntchito yawo mu 1914. Mbiri imasimba kuti malo ena ankachita kukwawa ndi manja ndi maondo poopa kuterereka, ndipo ambiri anaona kuti ntchitoyo njosatheka. De Waal sanafune kumva zimenezo. Analamula kuti mseu usemedwe m'khoma la phiri momwemo.

Ntchito inayambira mbali ya Hout Bay mu 1915, ndipo chaka chotsatira gulu lina linayambira mbali ya Noordhoek kuti akakumane pakati. Ogwira ntchitoyo anali akaidi amene Boma linawapereka. Zida zawo zinali mapiki, mafosholo, nyundo ndi onga wophulitsira miyala. Chigawo choyamba chinatsegulidwa mu 1919, ndipo pa 6 Meyi 1922, patatha zaka 7, Bwanamkubwa wa dzikolo, Prince Arthur of Connaught, anatsegula mseu wonse. Ndalama zimene zinapita zinali mapaundi 20,000. Kuchepa kwa ndalamazi poyerekeza ndi kukula kwa ntchito sikodabwitsa, poti thukuta la mkaidi siligulidwa. Mabuku amatchula de Waal ndi Bwanamkubwa maina awo, koma amene anasema phirilo amangowatchula kuti akaidi.

Kuti munthu amvetse zimene zinatsatira, ayenera kudziwa kapangidwe ka phirili. Lili ngati nyumba ya maziko amwala ndi zipupa zanjerwa. Pansi pali thanthwe lolimba kwambiri la mtundu wa granite, limene akatswiri amati lakhalapo zaka zoposa 500 miliyoni. Pamwamba pa thanthwelo pagona miyala yamchenga ndi yadothi, yofiirira, yosanjikizana m'mizere yopyapyala ngati mabuku oikidwa pamulu. Akatswiri amaitcha Graafwater. Pamwamba penipeni pali miyala ina yamchenga, yotuwa ndi yolimba, imene imapanga makoma aatali a phirilo. Amene analemba njira ya mseu anachenjera, pakuti anautsata mzere umene granite imakumana ndi miyala yofiirirayo. Motero mseu unakhala pamaziko osagwedezeka, pamene chosema chinali mwala wofewerapo umene piki ndi onga zikanautha.

Nzeru yomweyo ndiyo inabala vuto, chifukwa mwala wofewa kwa mmisiri ndi wofewanso kwa mvula. Ku Cape mvula imagwa m'nyengo yozizira, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo imabwera ndi mphepo yamkuntho yochokera kunyanja. Madzi amalowa m'ming'alu, nafewetsa mizere yadothi ija, naikokolola pang'onopang'ono, mpaka mwala wolimba umene unatsamira pamenepo utsala lende. Tsiku lina, popanda chizindikiro, mwalawo umalekana ndi phiri. Mwala wa mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi mumsinkhu umalemera pafupifupi matani 2 ndi theka, ndipo ukagwa mamita 100 popanda chouimitsa umafika pansi paliwiro la makilomita pafupifupi 160 pa ola. Palibe denga la galimoto limene lingapirire zimenezo. Ngakhale mwala waung'ono ngati dzungu ukhoza kuchotsa moyo wa munthu.

Kwa zaka zambiri njira yolimbana ndi vutoli inali yofanana ndi ya m'maiko ena. Polowera mseu panali chikwangwani chochenjeza za miyala yogwa, ndipo miyala ikagwa, antchito a pamseu ankabwera kudzaichotsa. Kukagumuka kwambiri, mseu unkatsekedwa mpaka atakonza. Mu 1962 chigawo china anachikuza kuti galimoto zizipatukana bwino. Mu Meyi 1977 chigawo chinanso chinakokoloka ndi madzi, mseu nutsekedwa kufikira pamene anamangapo mlatho. Maganizo a nthawi imeneyo anali akuti phiri palibe angalilamule, tsoka silinunkha, ndipo wopita pansi pa phiri ataona chikwangwani wadzisankhira yekha.

Maganizo amenewa anagwedezeka mu Juni 1994. Mwezi umenewo kunagwa mvula yambiri, koma mseu unali wotsegula monga mwa masiku onse. Dothi ndi miyala zinagumuka pamwamba pa mseu, monga zimachitikira pa chimene anthu a ku Zomba ndi ku Phalombe amachitcha napolo, ndipo zinagwera galimoto imene inali kudutsa. Bambo wina amene anali m'galimotomo anavulala kwambiri nafa ziwalo. Iye anakasuma Cape Metropolitan Council, khonsolo imene mseuwo unali m'manja mwake, kuti imulipe chipukutamisozi.

Mu 1999 Bwalo Lalikulu la ku Cape Town linagamula kuti khonsolo inali yolakwa. Khonsolo inachita apilo, ndipo mu Novembala 2000 bwalo lalikulu la apilo la ku Bloemfontein linagwirizana ndi chigamulo choyambacho. Oweruza sananene kuti khonsolo ikanatha kuletsa phiri kugumuka. Chimene anaona n'chakuti kuopsa kwa malowo panthawi ya mvula yambiri kunali kodziwika kale, kotero kuti wosunga mseu wotere anayenera kuutseka mvula itafika poteropo, osadikira kuti ngozi iyambe yachitika. Anayeza mbali ziwiri. Kutseka mseu kukanangovutitsa anthu ndi ulendo wozungulira, poti njira ina inalipo, pamene kuusiya wotsegula kunaika miyoyo pachiswe.

Tanthauzo la chigamulo chimenechi ndi lalikulu. Chikwangwani chimanena mau amodzimodzi tsiku ladzuwa ndi tsiku lamvula, chaka chino ndi chaka chamawa, mpaka maso a woyendetsa galimoto amachizolowera ngati mtengo wa m'mbali mwa njira. Woyendetsayo alibe njira yodziwira kuti lero phiri lakhuta madzi. Amene angadziwe zimenezo ndi mwini mseu, amene ali ndi ziwerengero za mvula, mbiri ya malo amene anagumukapo kale, ndiponso akatswiri oti awafunse. Kuyambira pamenepo zinali zoonekeratu kuti kukhoma chikwangwani sikuchotsa udindo pamapewa a wolamula.

Apilo ija isanamveke, zinthu pamseupo zinali zitaipa kale. Pa 29 Disembala 1999 mwala unagwera galimoto ina nupha mayi amene anali m'menemo. Imeneyi inali nyengo yachilimwe, pamene ku Cape sikugwa mvula yambiri, ndipo zinasonyeza kuti kutseka mseu masiku amvula okha sikukanakwanira. Patangopita masabata ochepa, mu Januwale 2000, moto wolusa unatentha mapiri a ndomo ya Cape, mahekitala oposa 8,000. Zitsamba za kumeneko, zotchedwa fynbos, zimapsa mwachibadwa pakapita zaka, koma mitengo yobwera, monga ya paini ndi ina yochokera ku Australia, imene inafalikira m'mapirimo, inaukuza motowo. Utazima, phiri linatsala lambee. Zomera zimene zinkamanga dothi ndi kutchinga miyala zinali phulusa, ndipo miyala inayamba kugubudukira pamseu kawirikawiri. Mwezi womwewo mseu unatsekedwa, popanda wodziwa tsiku lodzautsegula.

Unakhala wotseka pafupifupi zaka 4. Anthu a ku Hout Bay ndi ku Noordhoek, amene kale ankayenderana paulendo wa mphindi zowerengeka, anayamba kuzungulira mapiri kudzera njira ya Ou Kaapse Weg. Eni malo odyera ndi ogona alendo anaona malonda akuchepa, ndipo pamene malonda achepa, woyamba kuvutika ndi wantchito. Mpikisano waukulu wa njinga wa ku Cape Town ndi mpikisano wothamanga wa Two Oceans, imene yonse imadzera mumseuwu, inasintha njira m'zaka zimenezo. Tsono zinaoneka kuti mseu wotseka nawo uli ndi mtengo wake, ndipo panafunika njira yoti utsegulidwe popanda kubwerera ku zakale.

Poyamba akuluakulu anaganiza zosesa phiri. Anatumiza amuna omangidwa zingwe m'chiuno kuti atsike m'makoma a phirilo ndi migwala, azigwetsa mwala uliwonse wogwedera. Njirayi ndi yakale ndipo imathandiza pamalo aang'ono, koma pa Chapman's Peak inaoneka kuti ilibe mapeto. Mwala umodzi ukachoka, umene unali kumbuyo kwake ndiwo umatsala poyera, dzuwa ndi mvula n'kuyamba kuudya. Nthawi ndi ndalama zimene zikanafunika zinaposa zimene anayembekeza, ndipo ntchitoyo inaimitsidwa.

Apa ndi pamene mainjiniya anasintha funso. Analeka kufunsa mmene angaletsere miyala kugwa, nayamba kufunsa kuti mwala ukagwa udzera pati, udumpha msinkhu wotani, ndipo ufika pamseu ndi mphamvu yanji. Anajambula phirilo kuchokera mumlengalenga, napanga chifaniziro chake m'kompyuta, nayesa m'menemo njira zimene miyala yochokera malo osiyanasiyana ingatsate. Zotsatira zake zinawasonyeza kuti kuopsa sikofanana pamseu ponse. Malo ena miyala imasonkhanira m'makwawa, malo ena imagwa molunjika kuchokera pakhoma lalitali. Chotero chigawo chilichonse chinapatsidwa mankhwala ake.

Mankhwala oyamba ndi maukonde achitsulo, amene luso lake linachokera ku Switzerland, dziko la mapiri ataliatali. Anamanga mipanda ya maukonde amenewa yotalika pafupifupi mamita 1,600 yonse pamodzi, ya msinkhu wa mamita 4 mpaka 6, m'mbali mwa phiri pamwamba pa mseu. Ukondewo ndi wa mphete zawaya zolowana, wopachikidwa pamizati yachitsulo ndi kumangidwa ndi zingwe zachitsulo zozikika m'thanthwe. Chinsinsi chake chagona pa kufewa. Khoma louma likamenyedwa ndi mwala wothamanga limasweka, koma ukondewu umatamuka, ndipo pazingwe zake pali zitsulo zina zogwira ntchito ya mabuleki, zimene zimapindika ndi kumeza mphamvu ya mwalawo pang'onopang'ono. Aliyense amene anaonapo goloboyi akuwakha mpira wamphamvu, manja akubwerera pachifuwa, wamvetsa kale kagwiridwe kake.

Pamalo ena khoma la phiri linaima pamwamba penipeni pa mseu, kotero kuti ukonde sukanathandiza. Pamenepo anakumba m'munsi mwa khomalo nalowetsa mseu m'kati, mtunda wa mamita 155, mbali ya kunyanja n'kuisiya yotsegula. Chimene chinatuluka ndi chinthu chonga khonde la nyumba. Phiri lenilenilo ndilo denga, ndipo miyala yochokera kumwamba imapitirira mseu nigwera kuphompho. Kuti dengalo lisagwe, anabowola mabowo akuya m'mwala nalowetsamo zitsulo zazitali zogwidwa ndi simenti, zimene zimasokerera mwala wakunja ku mwala wolimba wam'kati. Pamalo ena awiri anamanga madenga a konkire pamwamba pa mseu. Makoma ofumbutuka anawapopera konkire yosakaniza ndi utoto wofanana ndi mwala wa pamalopo, kuti kukongola kumene alendo amadzera kusaonongeke. Popeza malo ambiri kunalibe njira yofikako, zitsulo ndi zipangizo zinkanyamulidwa ndi helikopita, amisiri akugwira ntchito ali lende pazingwe, nyanja ikuwinduka pansi pawo.

Ntchito yotere imafuna ndalama zambiri, ndipo inadya pafupifupi R150 miliyoni. Boma la chigawo cha Western Cape linapangana ndi kampani yotchedwa Entilini kuti ithandize kumanga ndi kusamala mseuwo kwa zaka 30, iyo n'kumalandira msonkho kwa odutsa. Ntchito inayamba mu Okutobala 2002, ndipo mu Disembala 2003 mseu unatsegulidwanso, tsopano uli ndi chipata cholipirirapo.

Phiri silinachedwe kuyesa ntchito ya anthu. M'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti 2004 kunagwa mvula ya mamilimita 396. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo matope ndi miyala zinatsika m'makwawa momwe zinkatsikira kale, zinadzaza maukonde ena ndi kuwaononga, mseu nutsekedwa masiku 55 kuti akonze. Apa mainjiniya anaphunzira kuti ukonde wopangidwira kuwakha mwala umodzi wothamanga umalemedwa ndi mtsinje wa matope umene umabwera ndi kukhala pomwepo. Mu Juni 2008 mseu unatsekedwanso chifukwa cha malo ena amene anapezeka oopsa, ndipo unatsegulidwa mu Okutobala 2009. Mu Malichi 2015 moto wina waukulu unafika pamapiri omwewo, mseu nutsekedwa, ndipo mpikisano wa njinga wa chaka chimenecho unafupikitsidwa kufika makilomita 47.

Wina akhoza kufunsa kuti ngati mseu ukutsekedwabe, phindu la ndalama zonsezo lili pati. Yankho lili pa nthawi imene kutsekako kumachitika. Kale mseu unkatsekedwa miyala itagwa. Masiku ano oyang'anira amatsata mphepo ndi mvula, ndipo zikafika poopsa amatseka zipata galimoto zisanalowe. Mwala umene ukanafika pamseu umapezeka m'ukonde. Koma ukonde wodzaza sugwiranso mwala wina, mabuleki opindika ayenera kusinthidwa, ndipo chitsulo chokhala pafupi ndi nyanja yamchere chimachita dzimbiri. Zonsezi zimafuna anthu ndi ndalama chaka ndi chaka.

Funso la amene ayenera kulipira ndalamazo linautsa mkangano. Ambiri a ku Hout Bay anadandaula kuti mseu umene makolo awo ankayendamo ulere wasanduka wamalonda, ndipo mu 2012 anachita zionetsero zokana kumangidwa kwa nyumba ya maofesi pachipata cholipirirapo, pamalo a m'mbali mwa phiri amene iwo ankati ayenera kusungidwa monga mwa chilengedwe. Nyumbayo inamangidwabe. Mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo. Msonkho umalemera kwambiri kwa wosauka amene amadutsa popita kuntchito kusiyana ndi mlendo wodzaona malo kamodzi. Komanso mseu wa pansi pa phiri lotere sungakhale wopanda thumba lousamalira, ndipo ndalamazo zikapanda kuchokera pachipata ziyenera kuchokera kumisonkho ya anthu onse, kuphatikizapo amene sadzaupondapo.

Omvera amene amayenda pamapiri a Chiweta, kapena kukwera mseu wa Golodi wopita ku Livingstonia, kapena wokwera phiri la Zomba, amadziwa mmene mtima umachitira poona mwala uli pakati pa njira m'mawa wa tsiku lamvula. Mapiri amenewa ndi osiyana ndi a ku Cape, ndipo si dziko lililonse lingakwanitse helikopita ndi maukonde a ku Switzerland. Koma zina mwa zimene Chapman's Peak inaphunzitsa sizifuna chuma chambiri. Kulemba malo amene miyala imagwa kawirikawiri, kusunga ngalande kuti madzi asalowe m'ming'alu, kuteteza zomera za pamwamba pa mseu ku moto ndi nkhwangwa, ndi kupatsa munthu wodziwika mphamvu yotseka njira mvula ikachuluka, zonsezi zimatheka ndi anthu amene alipo kale.

Pa 6 Meyi 1922 anthu amene anasonkhana pamwambo wotsegulira mseu anayesa kuti ntchito yatha. Zaka zoposa 100 zapitapo, ndipo mvula yamkuntho ikadutsa ku Cape, amisiri amamangabe zingwe m'chiuno nakwera phiri kukaona maukonde, kuchotsamo miyala ndi kusintha zitsulo zopindika. Akatsika ndi kunena kuti zonse zili bwino, ndi pamene zipata zimatsegulidwa kuti galimoto za ku Hout Bay ndi ku Noordhoek ziyambenso kudutsa.